Mulu Wachisanu

Sutikesi tinaitsegula titavula zakuda,
ine ndi amayi, pakhonde ku Chinamwali.
Loko wadzimbiri tinachita kuswa ndi mwala.
Ndalama munalibe. Munali mapepala okhaokha onunkha chinyezi,
ndakatulo za a Namakhwa, owerenga mamita a madzi,
zolembedwa kuseli kwa mabilu a anthu ena.

A Chikoti a ku Chirunga anabwera pa njinga yamoto,
anawerenga zitatu ali chiimire, kenaka anapempha mpando.
Anati bukuli lituluke, koma lisanjidwe bwino:
za chikondi pazokha, za imfa pazokha,
za chilengedwe, za dziko.
Milu inayi, mwana wanga, owerenga asasochere.

Ndinayala mkeka, ndinatola miyala inayi yopsinjira,
poti mphepo yotsika m'phiri ilibe ulemu.

Yoyamba inali ya mvula ya Januwale,
Likangala atasefukira mpaka m'madimba.
Ndinaiika pa chilengedwe.
Amayi anati, tawerenganso mokweza.
Nditafika pa ambulera yothyoka nthiti
anaseka mpaka kutsamwa:
imeneyo ndine, tsiku limene anandifunsira.
Ndinaisuntha.

Ya mtengo wa matemba mumsika waukulu
ndinaiyesa ya dziko, yodandaula kukwera kwa zinthu,
mpaka ndinaona deti pakona.
Sabata imene tinaika Tikhale m'manda.
Mwanayo ankalirira mitu ya matemba.
Dzina lake mulibemo.
Bambo anangolemba za mtengo, mizere khumi ndi iwiri,
ngati munthu wofunsa njira imene akuidziwa.

Ndiye pali zisanu ndi ziwiri za Abiti Sumani wa ku Songani.
Amayi si Abiti Sumani.
Ndinayamba kuzilowetsa kunsi kwa mkeka,
koma anandigwira dzanja, maso ali kuphiri.
Ndinkamudziwa, anatero. Ankagulitsa zitumbuwa pa depoti.
Ika pa chikondi. Wakufa sanamiziridwa.
Atatero analowa m'nyumba
ndipo anakhalitsamo.

Pofika tsiku lachitatu panamera mulu wachisanu
umene palibe anauitana:
yotamanda jombo zawo zong'ambika kuchala,
mndandanda wa agalu onse amene anawaluma ku Kalimbuka ndi ku Matawale,
aliyense ndi mtundu wake ndi ulemu wake,
pemphero lothera m'chipongwe,
ina yofufutidwa mwaukali mpaka cholembera chinaboola pepala.
Ndi yotsiriza, ya m'chipatala,
kuseli kwa kapepala ka mankhwala,
zilembo zikutsetsereka ngati madzi a mumpopi wotha mphira.
Ikunena za namwino wotsegula zenera m'mawa
ndi kuima pa mawu akuti ndipo.

A Chikoti pafoni anati tiutche Zosiyanasiyana,
kapena tiusiye, mapepala akwera mtengo.
Yomalizayo, anati, iwe ndiwe magazi awo,
ungaitsirize ndi mzere umodzi, palibe angadziwe.
Ndinayesa usiku wonse.
Mzere uliwonse unkatuluka ndi mawu anga,
utavala jekete la bambo, manja ake akulendewera.

Bukulo latuluka mwezi watha, chikuto chobiriwira.
Munthu amene anatha moyo wake m'zipinda ziwiri za lendi
tsopano ali ndi zinayi, chilichonse ndi dzina pachitseko,
ndi kakhonde kuseli kopanda dzina
komwe ndinakaniza kuti asagwetse.
Kumeneko ndi kumene ndimawapeza,
atavula jombo, akukanda chipsera cha galu pamwendo.

Madzulo amayi amati ndiwawerengere.
Za mitu ya a Chikoti alibe nazo ntchito.
Amati, ija ya chaka chimene denga linadontha,
ija analemba atakwiya nane chifukwa cha mchere.
Ndimafufuza uku ndi uku, tsamba la zamkatimu osandithandiza.
Dzulo anati, ya kuchipatala ija.
Ndinawerenga mpaka pa ndipo, ndinatseka pakamwa.
Iwo anadikira pang'ono, mutu uli chopendekera,
monga ankachitira bambo akaima pakati pa nkhani
kuti ameze malovu.