Mano Akutsogolo

Miyezi isanu ndi iwiri tsopano ndili pa chibwano chimodzi.
Singano, kaburashi, galasi lokuzira zinthu,
ndi fumbi la mwala wa ku Dashanpu
londilowa m'mphuno, m'tiyi, m'kolala ya malaya.
Ndikatsokomola m'basi yobwerera ku Zigong
ndimalavula dambo lomwe linauma
phiri lililonse ndikulidziwali lisanamere.

Kunyumba ndapeza Tingrui ali chafufumimba pampando,
foni kumaso, mpunga wazizira patebulo.
"Amayi, taonani, ndaswetsa yanu ija."

Yanga ija. Huayangosaurus.
Dzira laswa pa mphindi zinayi zokha,
akuti akanalipira likanaswa pompo.

Ndavala magalasi.
Ndi yomweyodi: mutu chazolikira pansi,
mapale awiriawiri ali njo pamsana
ngati wina anaswa mtsuko n'kudzala zidutswa m'mizere,
minga kumchira.
Koma aipaka zobiriwira, ndi timizere tachikasu m'nthiti.
Anawauza ndani?
Ine mwala sunandiululirepo mtundu.
Mwala ngouma pakamwa,
umapereka fupa limodzi, kenaka zii chaka chathunthu.

M'paki ya mwana wanga muli mpanda wamagetsi,
pogulitsira matikiti, pogulitsira zipewa,
tianthu tonga nyerere tikujambula zithunzi.
Pamwamba pa nyamayo payandama kamtima kofiira theka.
"Ikudandaula mitengo yachepa," akutero,
n'kugwetsa nkhalango ndi chala chimodzi, thi!
"Komabe ndiigulitsa. Njaing'ono, anthu saima.
Akufuna mbale wake wamkulu uja wa ku Amereka."

Ndinafuna kumuuza:
wamkuluyo ndi wadzana, uyu ndiye anayamba njira.
Kunalibe geti nthawiyo, kunalibe woombera m'manja.
Udzu unali usanabadwe, duwa linali lisanaganizidwe.
Kunali mtsinje waulesi, matope ofunda,
masamba ofewa m'mbali mwa madzi,
ndi china chake cha miyendo iwiri chobisala kuseri kwa tsinde
chikuwerenga minga ija, n'kumeza malovu, n'kusintha maganizo.
Zaka mamiliyoni zana ndi makumi asanu ndi limodzi, kaya kuposa.
Ndimanena nambalayi kwa alendo tsiku ndi tsiku
koma sinalowebe m'mutu mwanga.
Tsiku lina madzi anadza, kapena ukalamba, sindidziwa,
inagwada, matope n'kuifunditsa,
ndipo palibe anaona kamtima kakuzima.

Sindinanene zonsezo. Mwana ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.
Ndinangoti, "Tayandikiza kukamwako."

Zala ziwiri zinatambasula galasi.
Nyama inayasamula, ikutafuna chabe mphepo.
Kutsogolo kuli see, mlomo ngati wa kamba.

"Aiwala mano," ndinatero.
"Adzukulu ake ndiwo anadzawataya, iyi inali nawo.
Timano tating'ono, ngati njere za nkhaka,
kutsogolo kwenikweni kuno.
Limodzi landidyera masabata atatu,
Bambo Kuang anachita kundiletsa kupuma pafupi nalo."

Tingrui anaseka, n'kugwira pakamwa mochedwa.
Nayenso kutsogolo kuli mbee,
awiri anapita mwezi watha, lachitatu likugwedera.
"Ndiye tafanana," anatero.
Batire inafiira. Paki yonse inathima,
mpanda, matikiti, tianthu tija, zonse bii,
m'galasi n'kutsala nkhope ziwiri zopenyana.

Sindinafunse ngati anaigulitsa.

M'mawa kuntchito, mvula ikuwaza pazenera,
ndinapisa m'thumba la jasi kufuna makiyi.
Kapepala ka m'kope la masamu, kopindidwa kanayi.
M'kati mwake dzino, magazi pang'ono kutsinde,
ndi zilembo zopendama: mukaiikire.

Ndaliika pambali pa chibwano chija, pansi pa nyale.
Lina loyera, lina lofiirira ngati tiyi wogonera.
Bambo Kuang adutsa, ayang'ana, akwinya pamphumi,
afunsa kuti limeneli latuluka m'mwala uti.