Mkuyu Umene Unatsika Pansi

Kwathu ku Kras mvula sichedwa pabwalo.
Imagwa usiku wonse, denga kulira,
koma kukacha pansi pali gwa,
ngati mitambo inangotinamiza.
Madzi ndiwo eni malo, amatero bambo,
ife tinangobwereka pamwamba.

Bambo, a Vekoslav, zaka makumi anayi
akhala akuzula miyala yoyera m'munda
n'kuisanja m'mipanda,
kuti mpesa upeze katondo wodzaza chipewa.
Katondoyo, akuti, ndi zotsalira:
phiri likasungunuka, chimene madzi akana kunyamula
ndicho timalimapo.

Lachiwiri lina, mphepo ya burja itatopa,
tinadzuka mkuyu wathu uli wamfupi.
Nsonga yake inkandifika m'chiuno.
Unali chiimire, masamba onse ali pomwepo,
m'dzenje lozungulira ngati mbale,
ndipo mpanda wa bambo unali utautsatira theka.

Anabwera Milojka wa zingwe ndi nyali ya pachipumi.
Anagwada, n'kuika khutu pa mng'alu.
Imvani, anatero. Ndinamva kupuma kozizira.

Anafotokoza akumanga lamba:
dontho likamagwa limatola mpweya,
likalowa m'dothi limatolanso wa mizu yowola,
ndipo limasasa pang'ono, osafika pa vinyo wanu wachaka chatha.
Likapeza laimu limanyambita.
Silithamanga. Mng'alu wolowa tsitsi
umadzalowa chala, kenako mkono,
kenako mtsinje wathunthu ndi phokoso lake.
Denga likapyapyala limagwada.
Basi, mkuyu wanu wangokhala pansi.

Bambo anafunsa kuti zinayamba liti.
Milojka anaseka: agogo a agogo anu
anapeza ntchito ili pafupi kutha.

Anatsika. Chingwe chinkanjenjemera m'manja mwanga.
Atatuluka, matope mpaka m'nsidze,
anati pansi pa khitchini yathu pali chipinda
choposa tchalitchi cha m'mudzi,
mano amwala akulendewera kudenga,
ena akumera pansi kuti akakumane nawo,
dontho lililonse likubweza kachidutswa
ka zimene linaba kumtunda.

Wakuba wobweza, anatero bambo,
koma akubwezera munthu wina.

Madzulo ndinataya utuchi wodzaza thumba
pamene kamtsinje kamalowera pansi pa thanthwe.
Sabata itatha msuweni wanga Danilo anaimba foni
kuchokera kumunsi, kufupi ndi nyanja:
kasupe wawo walavula timitengo.
Sindikudziwa ngati tinali tanga.
Ndinamuuza kuti ndi kalata.

Chaka chino mkuyu wabereka koposa kale.
M'dzenjemo mphepo siufika,
ndipo katondo yense wa m'mbali akutsetserekera komweko.
Bambo amathyola nkhuyu atakhala pamphepete,
miyendo ili lende,
osakweranso makwerero.

Usiku ndikagona pabedi
ndimamva, kapena ndimaganiza kuti ndikumva,
lilime lija likugwirabe ntchito
pansi pa mwendo wa tebulo.