Wotsuka Jenerale

Tauni yathu ya Harlow Gap imapuma ndi ana a koleji.
Ogasiti akafika imafufuma ngati mtanda wa buledi,
Meyi akatha imaphwa,
timatsala ife, belu la tchalitchi, ndi akufa otchuka.

Akufa otchuka achuluka kuno kuposa madokotala.
Msewu wa Bwanamkubwa Pruitt umadutsana ndi wa Senata Quarles
pakati pa banki ndi sitolo ya mankhwala.
Ali moyo sankamwerana madzi, amatero aphunzitsi a mbiri.
Lero akugawana loboti imodzi.

Ine ndine Lavern Tibbs.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala ndikutsuka
Jenerale Ambrose Kettering ndi hatchi yake ya mkuwa
patsogolo pa laibulale.
Lolemba lililonse: chidebe, burashi, makwerero.
Nkhunda siziopa nyota za paphewa.
Ndimamudziwa kuposa olemba mabuku:
khutu lake lamanzere ndi laling'ono,
m'ndevu zake mavu amamangamo chaka ndi chaka,
ndipo mvula imaima m'chikhatho
chimene akulozera nacho nkhondo imene anagonja.

Ana amasisita chiboda cha hatchi asanalembe mayeso,
chawala ngati mphete ya ukwati.
Ena amakhoza, ena ayi.
Jenerale salonjeza kanthu.

Tsiku lina mtsikana wa chaka chachitatu, Marisol Ybarra,
anandiitanira kuchipinda chapansi kosungira mapepala akale.
Atavala magolovesi oyera
anatsegula kaundula wa pafamu ya Kettering.
Abulu asanu ndi mmodzi. Makasu. Migolo ya fodya.
Kenaka: Keziah, zaka khumi ndi zinayi, wodziwa kuchapa,
ndi mtengo wake pambali.
Mzere wotsatira, ngolo.

Keziah ndiye anabala agogo a mayi anga.
Wodziwa kuchapa, ndinawerenganso,
maso ali pa zala zanga zong'aluka ndi sopo.

Lolemba ndinakwera makwerero monga mwa masiku onse.
Ndinamukwecha kumaso mpaka mkono kuwawa.
Sanaphethire.

Mlandu suola, koma umayenda ngati nkhono.
Khonsolo inakangana miyezi isanu ndi inayi
m'holo ya ozimitsa moto, pa mipando yopinda.
Orville wometa tsitsi, amene tinkaweza naye nsomba,
analeka kundipatsa moni.
Ati mukufuna kufufuta mbiri.
Ndinati, Orville, ine ndaifufuta ndi burashi zaka zonsezi,
sichoka.

Chimakina chonyamulira chinafika m'mawa wozizira,
udzu uli mbuu ndi chisanu.
Anadutsitsa malamba pamimba pa hatchi
ndipo Jenerale anakwera m'mwamba, akulozabe,
koma tsopano akuzungulira pang'onopang'ono.
Analoza banki.
Analoza manda a pachitunda, a mipanda yachitsulo,
kenaka a kuseri kwa njanji, opanda miyala.
Analoza ine,
n'kupitirira.

Ena anaomba m'manja. Mayi wina wa chipewa chofiirira analira.
Ine ndinasuzumira kunsi, kumene sindinatsukeko n'kamodzi komwe:
mphako yokhayokha,
masamba ouma, chisa cha mbewa,
ndi botolo limene wosula anaiwalamo.

Akuti ali m'nyumba yosungiramo katundu kuseri kwa bwalo la mpira,
pafupi ndi mathirakitala otchetchera kapinga.
Sindinapiteko. Makiyi ndili nawo.

Lolemba lotsatira miyendo inanditenga yokha.
Ndinangozindikira ndaima pamwala wopanda mwini,
chidebe m'manja.
Nkhunda zinkazungulira, kusowa potera.
Ana ankathamangira mayeso a masamu,
mmodzi anatambasula dzanja mwachizolowezi
n'kusisita mphepo.

Ndinatsuka mwalawo.
Zipsera zitatu zobiriwira, pamene panaponda ziboda,
zinakana kuchoka.
Ndinapima pamwamba pake ndi mapazi anga:
si pakulu ayi,
koma mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi
atha kukhalapo bwinobwino,
miyendo ili lendelende,
manja ali pamaondo, ouma,
osagwira kanthu.