Mtengo wa Maikolofoni

Pa masitepe a phiri la Cordillera, ku Valparaíso,
ndinampsompsona Baltazar kakhumi n'kanayi
m'mawa umodzi.
Koyamba sitima inalira kudoko.
Kachiwiri galu wa mayi wogulitsa buledi
anadutsa pakati pa miyendo yathu.
Leontina, mwini filimu, ankangoti tibwerezenso,
dzuwa likutithawa,
kamera ndi yobwereka, ikubwezedwa Lachisanu.

Baltazar anali ndi chimfine.
M'kamwa mwake munkamveka anyezi ndi mankhwala a chifuwa.
Tikapumira ankandifunsa
ngati ndikudziwa munthu wofuna kugula njinga.

Malipiro athu: nkhomaliro, ya basi,
ndi lonjezo lakuti filimu ikagulidwa kunja tidzagawana.
Lonjezo limeneli ndalidya m'mafilimu asanu ndi awiri,
silikhutitsa.
Masana ndimabwerera kusitolo ya nsapato
kukagwadira mapazi a anthu.
Jekete lofiira lija n'langa.
Chipinda chomwe tikusiyiranamo ndi misozi
n'cha azakhali a Leontina,
tinkadikira kaye apite kutchalitchi.

Amene simukumuona pachithunzipo
ndi Ismael, mwamuna wanga.
Waima masitepe awiri kumtunda, manja m'mwamba,
wanyamula mtengo wa maikolofoni pamwamba pa mitu yathu,
zomvetsera zili kumakutu.
Mpweya wanga wonse ukuthera mwa iye.
Ndikanong'oneza Baltazar kuti usapite,
woyamba kumva ndi iyeyo,
ndipo saloledwa ngakhale kutsokomola.

Usiku, tikutsuka mbale, anati:
kachisanu n'chinayi kaja mawu ako ananjenjemera.
Ndinati kunkazizira.
Anapukuta kapu imodzi nthawi yaitali.
Anati: mpabwino kuposa ponse,
ndamuuza Leontina atenge pomwepo.
Kenako anandipempha ndimusisite phewa.

Tsiku loonetsa kunabwera anthu makumi awiri ndi atatu,
theka achibale.
Denga linkadontha pamzere wachitatu.
Mtsikana wina kumbuyo analira mpaka kumina,
potuluka anandipitirira pakhomo osandizindikira,
ine nditavala jekete lomwelo.

Lolemba ndikukayesedwanso.
Akufuna mayi wa mkwatibwi, mizere itatu,
umodzi ndi wakuti: tseka zenera, mwanangu.
Ndili ndi zaka makumi anayi n'chimodzi.
Ismael wakhala pabedi ndi pepala,
akuwerenga mbali ya mkwatibwi ndi mawu ake okhuthala aja,
ndipo ndikalakwitsa
sakundiuza msanga,
akufuna andimvenso.