Chilumba cha Phula

Bambo anga ankati Chileka ndi chilumba
ngakhale sichinazunguliridwe ndi madzi,
koma minda ya nandolo, mpanda wa waya,
ndi phiri la Michiru loyang'ana cham'mbali
ngati mlonda amene sanalandire za mwezi watha.
Wolowa pano, ankatero,
wachoka kale kwawo koma sanafike kulikonse.

Iwo analowa ndi chikwakwa.
Ankamweta udzu m'mbali mwa msewu wa ndege
kuti nkhwali zisaikire mazira pomwe matayala amatera.
Ndege zinali zija zokupiza mphepo pamphuno,
zobwera mwa apo ndi apo,
ndipo anthu a ku Lunzu ankayenda wapansi Lamulungu
kudzangoona imodzi ikunyamuka,
ana ali pamapewa, nzimbe ili m'manja.
Anaonanso amuna opita ku migodi atandanda pamzere,
aliyense bulangete limodzi ndi nambala.
Ena anabwerako ndi wailesi ndi chifuwa.
Ena ayi.

Ine ndinalowa ndi msana.
Zaka makumi atatu ndi chimodzi
ndikusenza masutikesi a eni.
Ndaona phula likufutukuka, likung'aluka, likumatidwa,
ndaona lamba woyenda yekha akutilanda theka la thukuta,
ndi makina osuzumira m'mimba mwa chikwama
osachitsegula n'komwe.

Kusanache timayenda mondondozana pamsewu wonse
maso pansi ngati otaya ndalama,
kutola timiyala, misomali, nthenga za khwangwala,
pakuti kabawuti kamodzi kangagwetse chinyumba chouluka.
Pansanja Mayi Nasiyaya amalankhula Chingerezi ndi mitambo.
Ozimitsa moto amasewera bawo pamthunzi wa galimoto yofiira
n'kumapempha kuti dzuwa lilowe asanaitanidwe.
Masana zikafika zitatu mopanikizana
palibe wotchula mnzake dzina,
n'kuloza ndi chala basi, makutu ali otseka,
fungo la mafuta likukanda kukhosi.
Koma chiperoni chikatsika
tonse timafanana,
wa tayi ndi wa ovolosi,
kuyang'ana kumwamba kopanda kanthu.

Katundu ndimamudziwa ndi phewa.
Wopita ku Joni amanunkhira utaka, nsinjiro, mfutso,
wamangidwa ndi linya ndi mantha.
Wochokera kumeneko ndi mabulangete onenepa,
mapoto, nsapato za ana zogulidwa mongoyerekeza
poti phazi linakula mwini ali kutali.

Lachinayi lina chitseko cha kumimba kwa ndege chitatseguka
munali bokosi lalitali lokutidwa ndi chiguduli.
Pepala linati makilogalamu zana ndi khumi ndi awiri.
Linatinso Sautso Malemia.
Ndinamudziwa, mwana wa mmisiri wa zidebe ku Machinjiri.
Zaka zitatu m'mbuyomo ndinamukwezera kachikwama kobiriwira
kothyoka zipi, kopepuka ngati mulibe kanthu,
iye n'kunditsinzinira diso: madala, musakaponye.
Sitinaliike pa lamba.
Tinavula zipewa, anthu asanu ndi mmodzi,
tinaliyenda nalo pamanja mpaka kuchipata
komwe amayi ake anali atakhala pansi pa konkire wotentha,
ndipo kumbuyo kwathu ina inali kale kuliza injini
poti nthawi ya ndege siidziwa maliro.

Mwezi wamawa ndikupuma.
Sindinakwerepo, ngakhale kamodzi.
Mwana wanga Tisope akuti adzandigulira tikiti ya ku Lilongwe
kuti ndikaone denga la nyumba yathu kuchokera kumwamba.
Ndamuuza kuti ndiganizira.
Kodi wondikwezera chikwama adzakhala ndani,
ndipo adzati chikulemera chiyani?

Udzu uja masiku ano amatchetcha ndi thirakitala.
Komabe dzulo m'mawa, chakumapeto kwa phula,
ndinapeza mazira anayi a nkhwali, ofunda.
Lamulo limati ndinene.
Ndinawanyamula m'chipewa
n'kukawaika kuseri kwa waya.