Nambala ya pa Chala

Lachitatu m'mawa, pa chipatala cha Chonde,
namwino wakubayani chala chamkombaphala.
Kadontho kamodzi. Kamakina kaganiza pang'ono,
kenako kaulula zomwe inu simunandiuze.

Munati mira ndi masamba chabe, a Likoswe,
ngati tiyi yemwe mumanyamula pa lole
kuchokera ku Limbuli mpaka ku Limbe usiku.
Munati amapirikitsa tulo pa zitunda za Thyolo,
nkhungu ikameza nyali zanu,
msewu ukupindika ngati njoka yomenyedwa.

Koma tsaya likatupa, mukubzikula ngati mbuzi,
njala imakuthawani.
Mbatata yomwe ndakuphikirani imabwerera m'kontena yake,
yozizira, yosakhudzidwa.
Kuwawa kwa masambawo mumatsukuluza ndi Fanta,
mabotolo atatu, mwina anayi,
mapiritsi a shuga ali pansi pa mpando
pamodzi ndi sipanala ndi malisiti a ku sikelo.

Usiku mumadzuka kasanu kukataya madzi.
Ine ndimawerenga kulira kwa chitseko.
Chilonda cha pa chidendene chija,
cha munga wa mu Januwale,
chikadatiyang'anabe.

Namwino walemba nambala m'kabuku,
waizunguliza ndi cholembera chofiira,
wafunsa: Bambo, mumadya nthawi yanji?
Inu mwayang'ana kuphiri
ngati yankho lili pa Sapitwa.

Pobwerera mwandigulira chinanazi, mukuseka.
M'thumba la jekete yanu ndaona nsonga zofiirira,
zokulungidwa m'tsamba la nthochi,
zikadali zanthete.