Musasokose, Muno Muli Anthu

Dal-rae anandionetsa pafoni nthawi yopuma,
titakhala patsinde pa jakaranda kuseri kwa chipatala:
kanjira kokwera chitunda kwawo ku Koreya,
nyumba zamitengo zomwe zinakalamba osawerama,
madenga a matailosi akuda,
nsonga zake zopindikira kumwamba ngati nyanga za ng'ombe yofatsa,
zitseko zomata mapepala kuti dzuwa lizilowa losefedwa.
Akuti utsi wa kukhitchini umayenda pansi pa chipinda
kuti wogona afundidwe msana.
Alendo amabwereka zovala zamakolo
n'kumajambulitsa pazipata za eni,
mpaka eniwo anatopa, anakhoma chikwangwani:
Chonde musasokose, muno muli anthu.

Atatero anandifunsa, akupukuta zala:
"Nanga kwanu kwakale n'kuti?"

Ndikanati ku Dedza,
koma Dedza ndimangomudziwa mmene bambo ankamutchulira
akamwa mabotolo awiri, maso ali kumpoto.
Ndine mwana wa mtchona ine.
Mchombo wanga uli ku Mbare.

Loweruka tinakwera kombi.
Tinatsikira pamsika, tinazemba ngolo za kabichi,
kondakitala akukalipira mnzake m'Chishona,
tinadumpha ngalande ya madzi obiriwira
mpaka pamzere wa tinyumba tanjerwa
tofanana ngati mano a chipeso.
Madenga ake alibe nyanga.
Awapsinja ndi miyala, matayala akutha
ndi chitsulo cha bedi la munthu amene anapita kale.

Apa, ndinatero, nambala makumi atatu ndi zinayi.
A Jailosi Kambalame, khukhi wa azungu ku Avondale,
amene anadutsa ku Tete wapansi, nsapato zili paphewa,
ankatsamiritsa njinga yawo apa.
Apo panali mpapaya. Pano pali kagolosale.
Khonde lokha ndi lomwe lija,
lofiira ndi polishi ngati silinamve kuti tinasamuka.

Dal-rae anakweza foni.
Chitseko chinatseguka pang'ono,
mayi wa duku lachikasu anasuzumira, chala pamlomo:
mwana wawo ndi mlonda ku Graniteside,
wabwera mbandakucha, wagona.
Chikwangwani panalibe, koma tonse tinachiwerenga.
Foni inabwerera m'chikwama.

Kenako mnzangayo, mwa chizolowezi cha kwawo,
anavula nsapato asanaponde khonde,
n'kuziyang'anitsa kumsewu.
Mai Tsvakai anaseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka,
anatikodola kuti tilowe.

Kachipinda kaja kachepa bwanji!
Kale ndinkathamanga kuchoka pakhomo kufika pawindo,
lero ndi mapazi atatu.
Pafelemu ya chitseko apakapo penti kangapo,
wabuluu pamwamba pa wobiriwira,
koma chala changa chinapeza timizere ta msomali
pomwe bambo ankatiyeza msinkhu Khirisimasi iliyonse.
Wanga, wa Esinati,
ndi wa Lufeyo, womwe unalekera m'chiuno mwangamu.
Sindinanene kanthu.
Kuseri kwa katani mlonda anatembenuka, bedi linalira.

Dal-rae anagwada, anaika chikhatho pasimenti
ngati mmene amapimira mwana wodwala malungo.
"Pakuzizira," ananong'ona.
"Mwezi wa Juni munkatani?"

Ndinawerenga ndi zala kuti ndisalankhule mokweza:
asanu ndi awiri, mphasa imodzi, mabulangete awiri,
wamng'ono pakati,
ndipo wokodza pogona ankatukwanidwa m'mawa
koma usiku ankatifunditsa tonse kwa kamphindi.
Anatseka pakamwa ndi manja onse
kuti kuseka kusadzutse mwini bedi.

Potuluka Mai Tsvakai anatipatsa magwafa awiri
a mtengo umene sindinaudziwe.
Anabzala okha, akuti, chaka chimene analowa.

M'kombi yobwerera m'tauni tinalibe chithunzi ngakhale chimodzi.
Mnzanga anavula nsapato kuti achotse kamwala,
ndipo ndinaona kuphazi kwa sokosi yake yoyera
polishi wofiira wa khonde lathu.